Desiki yaing'ono ya mashelefu m'nyumba ya ku Mulanje: kuyeza, kukhometsa ndi kulongedza

Nyumba zambiri za lendi pa Chitakale, pa Nkando, kwa Limbuli ngakhale pa boma penipeni zili ndi pabalaza ndi zipinda zogona ziwiri, basi. Womanga sanaganizire za munthu wogwira ntchito ya mapepala kunyumba. Koma anthu otere achuluka: mphunzitsi wobwera ndi makope oti achonge usiku, mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi, msungichuma wa banki m'khonde, wophunzira wa ODL (maphunziro ochitira kunyumba) amene asayimenti yake ikufunika Lolemba, ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba wotseka mabuku ake madzulo. Onsewa amathera patebulo lodyera. Nsima ikapsa mapepala amasamukira pa sofa, mawa lake ali pansi, mkuja palibe akudziwa kumene alowera.

Mankhwala ake ndi desiki yaing'ono yokhala ndi mashelefu pamwamba, yongotenga malo a mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi. Koma kuno kwathu desiki sasankha ndi maso okha. Mdani wake wamkulu si kulemera kwa mabuku ayi, ndi chinyontho. Mvula imayamba mu Novembala n'kukafika mu Epulo, ndipo tisanapume chiperoni chimakhala chafika, masiku angapo dzuwa osatuluka, zovala osauma pa chingwe, nsapato zikuchita chuku pansi pa bedi. Pafupifupi malangizo onse ali m'munsimu akuchokera pamenepo.

Yambani ndi katundu, desiki ibwere pambuyo

Musanapite kwa kalipentala kapena ku shopu, yalani mphasa pabalaza muunjikepo zonse zimene mukufuna kuti zizikhala pa desikiyo. Zigaweni milu itatu: zogwira tsiku lililonse, zogwira mwa apo ndi apo, ndi zongosunga monga masatifiketi ndi mapepala a malo. Mulu wachinayi udzabadwa wokha, wa mapepala otha ntchito, ndipo nthawi zambiri umaposa inzake. Umenewo usakhomeredwe shelefu.

Kenako tengani tepi muyeze chinthu chachitali kwambiri ndi chachikulu kwambiri. Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Fayilo yaikulu ija ya chitsulo m'kati, imene m'maofesi amati bokosi fayilo, imaima pafupifupi masentimita 32 ndipo imalowa m'kati masentimita 28 kapena 29. Rimu imodzi ya mapepala 500 imalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka. Ngati muli ndi pulinta, iyezeni itatsegulidwa thireyi yolowera ndi yotulukira mapepala, chifukwa imaoneka yaing'ono ikakhala yotseka basi. Manambalawa alembeni pa pepala limodzi. Pepala limeneli ndi limene mupite nalo kwa kalipentala.

Sankhani khoma louma

Ambiri amathamangira pa ngodya yopanda kanthu. Dzifunseni kaye chifukwa chake ilibe kanthu. Mvula ikagwa usiku, m'mawa yendani m'nyumba mukugwira makoma ndi chikhatho, makamaka m'munsi, masentimita 30 kuchokera pansi. Khoma lozizira kuposa anzake, lopukusika penti, lotuluka ufa woyera ngati mchere kapena la madontho akuda, limenelo likukoka madzi ndipo lisiyeni. Khoma la m'kati, logawa chipinda ndi chipinda, limakhala louma kuposa lakunja lomenyedwa ndi mvula, kupatula ngati kuseri kwake kuli bafa.

Yang'ananinso kumwamba. Nyumba ya malata yopanda siling'i imadontha pa misomali, ndipo m'mawa wozizira wa mu Juni malata amachita thukuta n'kumagwetsa timadontho ngakhale kulibe mvula. Pansi pa simenti pamaoneka zizindikiro zake mukayang'anitsitsa. Pansi pa dontho sipaikidwa laputopu.

Zenera likhale chakumbali kwanu. Likakhala kutsogolo kuwala kumalasa m'maso, likakhala kumbuyo kumawalira pa sikirini n'kumadziona nokha. Wolemba ndi dzanja lamanja kuwala kuchokere kumanzere kuti mthunzi wa dzanja usaphimbe zolemba, wamanzere atembenuze. Komanso musagunditse desiki pansi pa zenera la malouva, poti mvula ya mphepo imalowa pamenepo inu muli ku tchalitchi.

Mukapeza malowo, jambulani desikiyo pansi ndi choko kapena khala. Onjezani masentimita 75 mpaka 80 kutsogolo kwake, a mpando ndi podzukira. Tsegulani chitseko cha chipindacho mpaka kumapeto muone ngati chikudutsa pa mzere. Siyani chojambulacho masiku awiri anthu a m'nyumba azidutsa monga mwa masiku onse. Ngati aliyense akuponda pa mzere popita ku khitchini, desikiyo idzakhala yogundidwa tsiku ndi tsiku ndipo idzayambitsa mapokoso. Pomaliza yezani kukula kwa khomo lolowera m'nyumba ndi la m'chipindacho. Desiki zambiri zathera pakhonde kapena kudulidwa miyendo chifukwa cha khomo limene palibe analiyeza.

Mpando uyambe, msinkhu wa desiki utsatire

Msinkhu wa desiki umene umakwanira anthu ambiri ndi masentimita 72 mpaka 75, umene akalipentala amati mainchi 29 kapena pafupi ndi 30. Koma thupi lanu ndilo liweruze. Khalani pa mpando umene muzidzagwiritsa ntchito, mapazi afike pansi bwinobwino, mapewa muwamasule, mupinde zigongono manja aloze kutsogolo. Wina ayeze kuchokera pansi kufika pa chigongono. Pamwamba pa desiki pakhale pamenepo kapena kutsikirapo pang'ono. Desiki yaitali imakweza mapewa, ndipo pofika usiku khosi limakhala lauma. Ngati ndinu wamfupi ndipo desiki ndi yogula kale, kwezani mpando ndi khushoni yolimba, mapazi muwapondetse pa kathabwa.

Malo a miyendo asachepere masentimita 60 m'lifupi. Apa m'pamene akalipentala amakonda kudyapo: amaika dirowa yakuya pakati penipeni, kapena thabwa lalikulu lolimbitsira kutsogolo, maondo n'kumagunda. Muwauze kuti kuchokera pansi kufika kunsi kwa thabwa la kutsogolo pakhale masentimita 62 kapena kuposa. Pamwamba pa desiki, masentimita 100 m'litali ndi 55 kulowa m'kati ndi okwana laputopu ndi kope lotsegula pambali pake. Pochepera masentimita 50 kulowa m'kati sikirini imakhala pamphuno. Mphunzitsi wochonga makope ambiri aonjezere m'litali mpaka 120 ngati khoma likulola.

Mashelefu: ochepa, ofupika, olimba

Shelefu yoyamba ikhale masentimita 45 mpaka 50 pamwamba pa desiki, kuti laputopu itseguke yonse komanso kuti tsiku lina mukadzagula sikirini yapadera idzakwane. Mashelefu a pamwambawa asalowe m'kati kuposa masentimita 22 mpaka 25. Akakula amatchinga kuwala, ndipo mutu umagunda mukamawerama polemba. Awiri ndi okwana. Chinthu chonsecho chisapitirire masentimita 150 kapena 160 kuchokera pansi, chifukwa desiki yopapatiza ikatalika kwambiri siichedwa kugwa mwana akakwera kufuna cholembera.

Mafayilo aakulu aja sakwana pa shelefu ya masentimita 25, ndiponso ndi olemera. Malo awo ndi m'munsi, mbali imodzi ya miyendo: kabati kopapatiza, masentimita 35 m'lifupi, 30 kulowa m'kati, mpata wa masentimita 34 kapena 35 pakati pa shelefu ndi inzake. Kulemera kukakhala pansi desiki imakhazikika. Chofunika kwambiri n'chakuti shelefu ya pansi penipeni ikhale masentimita 12 mpaka 15 kuchokera pa simenti. Mpata umenewu ndi wa mphepo, wa tsache, wa madzi okolopera, komanso wa maso anu pofufuza chiswe. Kabati kofika pansi kamaoneka kaulemu, koma kunsi kwake n'kumene chinyontho ndi mphemvu zimamanga mudzi.

Thabwa la shelefu likhale lochindikala mamilimita 18 kapena 20 likapalidwa. Lisayende mtunda woposa masentimita 70 kapena 80 popanda chochirikiza, apo ayi mabuku adzalipinda pakati. Pa desiki ya masentimita 100, kathabwa koimirira pakati kamathetsa vutoli n'kukupatsani zigawo ziwiri. Kumbuyo musatsekeretu ndi pulayiwudi. Desiki imafunikadi cholimbitsa kumbuyo kuti isamagwedezeke, koma timatabwa tiwiri topingasa, kapena pulayiwudi yofika theka, zimagwira ntchitoyo mphepo n'kumadutsa. Zitseko nazonso ine sindizikonda pa mashelefu a mabuku kuno, chifukwa mabuku otsekeredwa m'kabati nyengo ya chiperoni amatuluka akununkha chuku. Dirowa imodzi yokhala ndi loko ndi yokwana, ya ndalama za gulu, chidindo ndi mafulashi.

Ngati nyumba ndi ya lendi, iwalani zokhomerera mashelefu kukhoma. Eni nyumba ambiri salola, ndipo makoma a njerwa zomangira dothi sagwira sikuluu ngakhale atalola. Pemphani kuti desiki ikhomedwe zigawo ziwiri, tebulo palokha ndi mashelefu paokha, zolumikizidwa ndi mabawuti anayi. Posamuka mumangomasula, ndipo pa khomo lililonse zimadutsa.

Matabwa: apa ndiye dekhani

Desiki zowala za m'mashopu ku Limbe ndi ku Blantyre, zobwera m'katoni n'kudzalumikiza kunyumba, zambiri ndi za chipibodi kapena MDF, ndiko kuti utuchi ndi tizidutswa ta mtengo zopanikizidwa ndi guluu, kunja n'kumata chipepala chosalala. M'nyumba ya matailosi ndi siling'i, youma, zimakhalitsa ndithu. Pa simenti yokolopedwa m'mawa uliwonse zimamwa madzi kuyambira m'munsi, n'kufufuma, chipepala chija n'kuyamba kusendeka, ndipo zikafufuma sizibwereranso. Masikuluu ake akamasulidwa kawiri sagwiranso. Ngati mtima wagwera pamenepo, sankhani ya miyendo yachitsulo, muonetsetse kuti m'mphepete monse mwa bodi ndi momatidwa, ndipo kapu ya tiyi isamakhale pamwamba popanda sosala.

Bulokubodi (timatabwa tomatidwa m'kati, pulayiwudi yopyapyala kunja) komanso pulayiwudi yochindikala, monga zimene Raiply amapanga ku Chikangawa, n'zabwinoko kwambiri pa thabwa la pamwamba ndi mashelefu. Zimabwera mashiti a masentimita 244 ndi 122, amene akalipentala amati eyiti bai folo, ndipo shiti imodzi ikadulidwa mwanzeru imatulutsa pamwamba pa desiki ndi mashelefu ake. Pa bulokubodi shelefu idulidwe motsatira timatabwa ta m'kati mwake, osati mopingasa. M'mphepete mwake mukhomedwe kathabwa kotseka.

Pa mitengo yeniyeni, paini ndi wotsika mtengo, wopepuka, wosavuta kupala, koma chiswe chimamukonda ndipo cholembera chimasiya mizere pa iye mukalemba pa pepala limodzi. Bulugamu ndi wolimba komanso wopezeka paliponse m'dera la tiyi lino, koma amang'aluka ndi kupindika akamauma. Ndi wabwino pa miyendo ndi pa felemu ngati anaumadi, pamwamba ayi. Malaina ndi sindereya ndi apakatikati, opepuka, osapindika chisawawa, ndipo kwa desiki yaing'ono ine ndingayambire pamenepo. Mbawa ndi mlombwa ndi za muyaya, koma mtengo wake ndi wokwera, zikusowa, ndipo desiki ya mita imodzi sifunika kulemera motero.

Wina akakunong'onezani kuti ali ndi matabwa a mkungudza, mukaneni. N'zoona kuti umanunkhira ndipo chiswe sichiudya, n'chifukwa chake ukutha. Mtengowu mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje lokha, unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, ndipo tsopano uli pa mndandanda wa mitengo imene yatsala pang'ono kutheratu. Kuudula n'kuphwanya lamulo la nkhalango, ndipo wogula ndi amene amatuma wodula kukwera phiri ndi sowo.

Mtundu wa mtengo ndi nkhani yachiwiri. Yoyamba ndi yakuti kodi thabwalo ndi louma. Thabwa laliwisi limalemera kuposa msinkhu wake, limazizira mukaliika patsaya, utuchi wake umagwirana mukaufinya m'dzanja, ndipo mukaligogoda limalira mogonthera. Louma limalira momveka, utuchi wake umauluka. Desiki ya matabwa aawisi imatuluka kwa kalipentala ili yokongola, pakatha miyezi iwiri pamwamba patseguka mpata wolowa ndalama yachitsulo ndipo dirowa yakana kutseguka. N'chifukwa chake nthawi yabwino yokhometsa ndi Ogasiti mpaka Okutobala, pamene kunja kwauma ndipo vanishi amagwira msanga. Ngati mwagula matabwa nokha, asanjikeni pa mthunzi podutsa mphepo, otalikirana ndi pansi, timitengo pakati pa thabwa ndi linzake, muwasiye miyezi ingapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa kalipentala

Musamusankhe poona mipando imene waika m'mbali mwa msewu, yopakidwa vanishi dzulo. Mufunseni kuti, "Akulu, pali tebulo limene munakhoma chaka chatha loti ndikaone?" Wodziwa ntchito sachita manyazi, adzakulozerani kwa kasitomala wake. Mukafika kumeneko tsamirani tebulolo ndi manja onse muligwedeze, kokani dirowa, suzumirani kunsi. Miyendo yolowetsedwa m'mabowo osemedwa ndi kumata guluu imakhalitsa. Yongokhomedwa misomali kuchokera pamwamba imayamba kuvina chaka chisanathe.

Funsani mitengo kwa akalipentala atatu, poti mtengo wa matabwa, guluu ndi vanishi ukusintha mwezi ndi mwezi. Aliyense mumuonetse pepala lomwelo. Chithunzi cha pa foni chochokera pa Facebook chimathandiza kuonetsa maonekedwe, koma sichinena miyeso, ndipo kalipentala akangoona chithunzi amakhoma monga anazolowera, desiki yaikulu ya ahedi. Jambulani pa pepala, mulembe nambala iliyonse. Akalipentala ambiri amaganiza m'mainchi ndi mafiti, ndiye imani naye pa tepi yake muone limodzi kuti masentimita 55 akugwera pati. Pepala limodzi likhale kwa iye, lina kwa inu, ndipo pa onse awiri palembedwe mtundu wa mtengo, mtengo wa ntchito, dipoziti imene mwapereka ndi tsiku lomaliza. Dipoziti ikhale ya zipangizo basi. Kulipira zonse ntchito isanayambe n'kudzigulira maulendo a "bwerani mawa, bwana."

Pali zinthu zina zimene sazichita mukapanda kunena. Vanishi apakidwe mbali zonse, kunsi kwa thabwa la pamwamba, kumbuyo, kunsi kwa mashelefu, makamaka kumapazi kwa miyendo kumene mtengo umayamwira madzi. Thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyontho kunsi kokha n'kupindika. Apake kawiri kapena katatu, akupala ndi sandipepa wosalala pakati pake. Kumapazi kwa miyendo apakeko mankhwala a chiswe monga Solignum, desiki iume panja fungo lithe isanalowe m'nyumba. Oilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka ndi wa mitengo ya khola, m'chipinda chogona amanunkha ndipo amadetsa mapepala. Aboolenso bowo la masentimita 5 pa ngodya ya kumbuyo, lodutsa mawaya ndi pulagi yake yomwe. Dirowa isakhale yothina, chifukwa imene ikulowa ndendende mu Okutobala idzakakamira mu Febuluwale.

Pitani mukaione isanapakidwe vanishi. Vanishi wakuda amabisa ming'alu yotsekedwa ndi utuchi ndi guluu, amabisanso paini wosakanizidwa pakati pa sindereya. Tengani bokosi fayilo imodzi ndi laputopu mukayese pomwepo, mukhale pa mpando muone maondo. Ponyamula, zigawo ziwiri zija zimakwera pa kabaza wa njinga yamoto ngati mtunda ndi waufupi, koma kulungani ngodya ndi makatoni chingwe cha mphira chisadye thabwa.

Kuikhazika m'nyumba

Desiki isagunde khoma. Siyani mpata wa masentimita 5 mpaka 8, wolowa dzanja. Pansi pa mwendo uliwonse ikani kachidutswa ka mphira, ka tayala lakutha kapena ka patapata, kuti mtengo usakhudze simenti. Simenti ya m'nyumba zathu siikhala yosalala, ndiye mwendo umodzi ukalendewera onjezani mphira pamenepo. Pepala lopinda limanyowa n'kuphwatalala pakatha sabata. Ngati m'nyumba muli ana aang'ono ndipo eni nyumba alola, kachitsulo kamodzi kolumikiza shelefu ya pamwamba ku khoma kapena ku felemu ya zenera n'kothandiza.

Magetsi ndi mawaya

Ekisitenshoni isagone pansi pamene pamadutsa chokolopera. Imangirireni kunsi kwa shelefu yoyamba kapena m'mbali mwa desiki, ndipo gulani yokhala ndi swichi komanso yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa zipangizo zambiri zimapsa pa nthawi imene magetsi a ESCOM akubwerera atazima. Chitetezo chimenecho sichiletsa mphezi. Kukayamba kugunda cha kuphiri, zulani pulagi kukhoma. Ayironi, ketulo ndi hotipuleti zisalowe pa ekisitenshoni ya desiki. Mawaya otsala apindeni muwamange ndi timalamba todula ku chubu cha njinga, ndipo chaja iliyonse muimate kapepala kolemba dzina la chipangizo chake.

Kuzimazima kwa magetsi tinakuphunzira bwino namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, choncho pa desiki pakhale malo okhazikika a nyale yotchaja ndi pawabanki, pamene dzanja lingafike mu mdima. Nyale ya LED yopanira pa shelefu yoyamba imaunika pa kope popanda kudya malo. Kandulo pansi pa shelefu ya mapepala ayi, ngakhale kwa mphindi zochepa. Amene ali ndi sola, batire lija la asidi lisatsekeredwe m'kabati ka desiki. Likamatchaja limatulutsa mpweya woyaka, ndipo limafuna pamalo podutsa mphepo, patali ndi mapepala.

Kulongedza

Bwererani ku milu itatu ija. Pamwamba pa desiki pakhale zochepa: laputopu, kope limene mukulembamo, chitini cha zolembera. Chilichonse choonjezera chimadya malo a chigongono. Laputopu ikakhala pa thabwa sikirini imatsika ndipo mumawerama. Ngati mumakhalapo maola ambiri, ikwezeni pa kathabwa kuti m'mphepete mwa pamwamba mwa sikirini mulingane ndi maso, pa mtunda wa mkono wotambasula, mugule kiyibodi ndi mausi zapadera. Isakhale pa nsalu, chifukwa imapumira kunsi.

Shelefu yoyamba ndi ya zogwira tsiku lililonse, zofikirika muli chikhalire: masikimu ndi rejisitala kwa mphunzitsi, buku la masheya ndi la ngongole kwa a banki m'khonde, mamojulo a temu ino kwa wophunzira. Mabuku aimirire, asathinane, ndipo asagunde kumbuyo. Gawo limodzi la shelefuyi lisiyeni la mapepala obwera kumene, malisiti, makalata a msonkhano, maenvulopu a ukwati, ndipo muzilikhuthula Loweruka lililonse. Popanda malo oterewa mapepala atsopano amatera pa kiyibodi. Tizinthu ting'onoting'ono, mapini, masitepulo, malaini a foni, tikhale m'zitini za majarini zotsukidwa bwino kapena m'timadengu ta nsungwi, chilichonse ndi dzina lake. Madengu a nsungwi muziwagwedeza nthawi ndi nthawi, akayamba kugwetsa ufa ndiye kuti afumbwa, achotseni asanapatsire desiki.

M'kabati ka m'munsi mukhale mafayilo olemera ndi rimu ya mapepala. Rimuyo isachotsedwe m'chikutiro chake, muzingotulutsa ofunika n'kupindanso kukamwa, ndipo ndi bwino kuiika m'jumbo. Pepala lomwa chinyontho limapindika, limakodwa mu pulinta, inki n'kumayenderera. Pa msana pa fayilo iliyonse lembani zilembo zazikulu ndi chaka chake.

Mulu wachitatu, wa masatifiketi a MANEB, mapepala a malo, makalata a ntchito, mabuku a kuchipatala a ana ndi ziphaso, upite pa shelefu ya pamwamba penipeni. Pepala lililonse lilowe m'kathumba kake ka pulasitiki, onse pamodzi m'kontena ya chivundikiro chothina. Alongedzeni tsiku la dzuwa, ali ouma, chifukwa pulasitiki imatsekera chinyontho m'kati monga imachitsekera kunja. Timapaketi toyamwa chinyontho tija topezeka m'mabokosi a nsapato ndi a mafoni musamataye, ponyanimo, koma ana asatipeze. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023 madzi ndi matope zinalowa m'nyumba zambiri kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, ndipo mapepala osungidwa m'sutikesi pansi pa bedi ndi amene amayamba kunyowa madzi akalowa. Kontenayo ikhale yoti munthu atha kuinyamula ndi dzanja limodzi potuluka. Jambulaninso pepala lililonse ndi foni, zithunzizo muzitumize ku imelo yanu.

Chakudya chisagone pa desiki. Nyenyeswa za mandasi ndi shuga wa m'tiyi zimaitana nyerere, zimene zimalowa mpaka m'kati mwa laputopu, ndipo mphemvu zikazolowera dirowa zimayamba kudya guluu wa pa msana pa mabuku. Ngati ana azilemberapo homuweki, apatseni gawo lawo la shelefu ndi chitini chawo cha mapensulo, kuti dirowa ya loko asakhale nayo chifukwa.

Kamodzi pa mwezi, makamaka kuyambira Disembala mpaka Julayi, kokani desiki muunike kumbuyo ndi tochi. Mukufuna zinthu zitatu: timizere ta dothi tokwera khoma kapena mwendo, tomwe ndi njira za chiswe, ufa wa mtengo pansi, ndi chuku kunsi kwa mashelefu. Njira ya chiswe iphwanyeni, muitsatire mpaka pa mng'alu wa simenti pamene yatulukira, muthirepo mankhwala n'kutseka ndi simenti. Chuku pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi vinega kapena sipiriti, musiye paume musanabwezere mabuku. Dzuwa likatuluka pambuyo pa chiperoni, tsegulani mazenera ndi dirowa, mabuku muwayanike pakhonde pa mthunzi ali otsegula, poti dzuwa lachindunji limapinda zikuto. Dirowa ikayamba kulimba nyengo ya mvula musaipale msanga, pakani kandulo m'mbali mwake ndi m'njira yake, idzamasuka yokha kukauma.